Mukufuna kuyamba uta ndi mivi? Yambirani pa thunthu la nthochi

Anyamata angapo kuno ku Dedza akhala akundifunsa za uta ataona mavidiyo pa YouTube, anthu aku America akulasa deer ali pamwamba pa mtengo ndi mauta aja a mawilo, compound bow. Kuno deer kulibe, ife tili ndi gwape ndi mbawala, koma kalasidwe nkomweko. Ndipo uta si mlendo kwathu, Akafula amene anajambula zofiira zija m'mapanga a ku Chongoni anali alenje.

Musathamangire uta wolimba achimwene. Ku America madera ena amalamula kuti uta wosakira deer ukhale wa mapaundi 40, pafupifupi makilogalamu 18 pokoka, koma wophunzira amayambira pa 20 kapena 25. Wa nsungwi youma bwino ndiwokwana poyambira, mivi ya bango lowongoka, nthenga za nkhanga kumbuyo kwake. Uta woti mukakoka phewa nkumanjenjemera ungokuphunzitsani zolakwika basi.

Dulani thunthu la nthochi muimike patsogolo pa chulu kuti muvi ukaphonya ukathere m'dothi, ndipo kuseri kwa chuluko kusakhale njira, ana kapena mbuzi, izi ndiye musazitenge mopepuka ayi. Yambani masitepe 10. Imani chammbali, nsinga muikoke ndi zala zitatu, chimodzi pamwamba pa muvi ziwiri pansi, ndipo tsiku lililonse chala chizifika malo amodzimodzi, ine ndimafikitsa pangodya ya pakamwa. Apa mpamene pagona nkhani yonse, chifukwa mukamakoka lero kufika patsaya mawa pachibwano mivi izingomwazika ndipo muziti vuto ndi uta pomwe uta ulibe mlandu. Posiya musatsegule zala mwadzidzidzi ngati mwagwira moto, zingofewani nsinga ichoke yokha, mkono ukhalebe chiloze mpaka muvi utafika.

Sabata yanga yoyamba nsinga inandikwapula mkati mwa mkono mpaka kuchita mikwingwirima yakuda, ndiye mangani kachikopa kapena chubu cha njinga pamenepo. Komanso osayerekeza kukoka nkusiya nsinga popanda muvi, uta umathyoka. M'mawa wa June ndi July kuno zala zimauma ndi chisanu, muyambe mwazitenthetsa.

Za nyama tsopano. Gwape si wanu chifukwa choti wadya nyemba kudimba kwanu. Lamulo la nyama zakutchire la 1992, lomwe analikhwimitsa mu 2017, limafuna chiphaso, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri chilango chimafika zaka 30 kundende. Pitani ku dipatimenti ya National Parks and Wildlife mukafunse za chiphaso, nyama iti, malo ati, ndiponso ngati akulola uta. M'nkhalango zotetezedwa ngati Chongoni, phiri la Dedza kapena Mvai ku Ntcheu musapondemo ndi uta.

Zonse zikakhala m'malo, gwape amayenda mbandakucha ndi chisisira, ndipo mphuno yake ndi imene ingakugonjetseni. Tengani phulusa m'kathumba, muziwaza pang'ono kuti muone kolowera mphepo, izikuwombani kumaso. Polasa ndi kuseri kwenikweni kwa mwendo wakutsogolo, pa mapapo, nyama itaima chopingasa, osati ikuthawa. Mukalasa khalani phee mphindi 30 musanayambe kutsata magazi, mukaithamangira msanga imadzuka nkupita kutali.

Chimene chimandiwawa ine ndi nyama yopita ndi muvi m'mimba nkukafera kuthengo patatha masiku. Ndinaipezapo mbawala yotero kudambo, ntchentche zili ng'waa, sindinaiwale mpaka lero. Nchifukwa chake aliyense wobwera kudzaphunzira kwa ine ndimamujambulira ndi khala pa thunthu paja bwalo lokula ngati mbale ya nsima, ndipo mpaka mivi 10 yotsatizana italowamo ali pa masitepe 20, za gwape sitikambako.