Mwangotenga kumene laisensi? Umu ndi momwe mungapezere inshuwalansi ya galimoto yosaboola m'thumba

Soya ndi mtedza zikagulidwa bwino, pa Boma ndi pa Kamwendo kuno ku Mchinji pamadzaza ma Vitz, Sienta ndi Probox ongofika kumene, ndipo ambiri owayendetsa laisensi yawo imakhala isanathe ndi chaka chomwe. Ndalama zimakhala zathera kugula galimoto, kusintha umwini ndi COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), moti za inshuwalansi munthu amangofuna kadisiki komata pagalasi kuti apolisi apamsewu asamuvutitse. Musathamange choncho.

Yambani ndi kusankha mtundu. Lamulo la pamsewu limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi third party. Iyi ndiyo yotsika mtengo, koma imalipira ena okha: wakabaza amene mwamugunda, mpanda wa eni ake umene mwagwetsa, ndipo mpaka pa malire olembedwa m'pangano. Yanuyo mukakonzetsa nokha. Comprehensive imateteza ndi yanu yomwe, ndipo mtengo wake amawerengera pa mtengo wa galimoto. Pakatipo pali ya third party yophatikiza moto ndi kuba. Ine ndimati ngati galimotoyo ndi yakale, third party ikukwanirani. Koma ngati mwathiramo zokolola za zaka zitatu, kapena mwagula pangongole, limbani mtima mutenge comprehensive. Dalaivala watsopano sachedwa kugunda chipata cha pakhomo pake pomwe.

Mukatero, nenani mtengo weniweni wa galimoto. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, magalimoto ndi masipeyala zidakwera kwambiri. Mukatchula mtengo wotsika kuti mulipire zochepa, tsiku la ngozi nawonso adzakudulirani molingana ndi zomwe mudabisazo.

Tsopano funsani mitengo kumakampani osachepera atatu, monga NICO General, Britam, Reunion, General Alliance kapena United General Insurance. Simukufunika kuwotcha mafuta mpaka ku Lilongwe. Foni ndi WhatsApp zikwanira, bola blue book, laisensi ndi chiphaso cha unzika zili pafupi. Broker wovomerezeka, yemwe ndi mkhalapakati wa inu ndi makampani a inshuwalansi, angakufunsireni konseko, ndipo komishoni yake amalandira kukampani.

Apa ndiye khalani pansi, chifukwa mtengo wolembedwa pamwamba sunena zonse. Pali chimene amati excess, ndalama imene inuyo mumayamba mwatulutsa kampani isanalipire zotsalazo. Tiyerekeze kuti kugalaja akuti K1,500,000 ndipo excess yanu ndi K300,000. Kampani ipereka K1,200,000 basi. Kwa dalaivala wachinyamata kapena wa laisensi yatsopano, kawirikawiri amawonjezeranso excess ina pamwamba pake, ndipo izi sanena mokweza pokhapokha mufunse. Ndiye funsani: excess ndi zingati, yowonjezera ya dalaivala watsopano ndi zingati, idzachoka liti, nanga galasi lakutsogolo likasweka ndi mwala pa msewu wa ku Mkanda alipira? Kampani yotchipa ndi K20,000 koma ya excess yowirikiza si yotchipa ayi. Ngati muli ndi kangachepe kosunga, mutha kuvomera dala excess yokwererapo kuti akutsitsireni zolipira pachaka.

Musaname za ntchito ya galimoto. Ambiri amalembetsa kuti ndi yapakhomo, mawa lake Sienta ili pasiteji kuitanira anthu a ku Kapiri. Ngozi ikachitika muli ndi okwera olipira, kampani ili ndi chifukwa chokanira, ndipo chipukuta misozi chonse chikhoza kugwera pamutu panu. Nenaninso ena amene aziyendetsa, kaya ndi akunyumba kapena mng'ono wanu, ndipo onsewo akhale ndi laisensi.

Polipira, perekani ku akaunti ya kampani kapena ya broker, mutenge lisiti ndi chikalata cha pangano, osati disiki yokha. Madobadoba amene amati "bwana, ndikupezerani yotchipa pompano" asiyeni. Disiki yabodza mudzaizindikira munthu ali kale m'chipatala. Makampani a inshuwalansi ndi ma broker amapatsidwa chilolezo ndi Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, ndipo madandaulo mutha kukatula komweko. Ngati ndalama ya chaka chonse yavuta, funsani za miyezi yochepa, ngakhale mukaphatikiza imakwera kuposa kulipira kamodzi.

Ife a ku Mchinji mzinda wa Chipata ku Zambia ndi pakhomo, choncho dziwani kuti inshuwalansi ya kuno siyingowoloka nanu malire pa Mwami. Gulani COMESA Yellow Card, inshuwalansi ya third party yogwira ntchito m'mayiko ena a COMESA, kukampani yanu musananyamuke, apo ayi mukagulanso third party ya ku Zambia pachipata.

Chaka chikatha osachita ngozi, musangolipiranso mwachizolowezi. Kumbutsani za no claim discount, kuchotsera mtengo kwa amene sanapemphepo chipukuta misozi, ndipo ngati mukusamukira kukampani ina, pemphani kalata yotsimikizira kuti simunapemphepo chipukuta misozi, mupite nayo kumeneko.