Kamwa ikakana kutseka: zimene zimachitika pamfundo ya nsagwada

Ikani chala kutsogolo kwa khutu lililonse, kenako yasamani pang'onopang'ono. Chimene chikusuntha pansi pa chalacho ndi mutu wa fupa la nsagwada ya m'munsi. Mfundozi ndi ziwiri, koma fupa ndi limodzi, n'chifukwa chake mbali imodzi ikavuta inayo imavutikanso.

Mfundoyi imayenda pawiri. Mukangoyamba kutsegula kamwa, mpaka mamilimita pafupifupi 25, mutu wa fupa umangozungulira pamalo ake ngati hinjesi ya chitseko. Mukapitirira pamenepo umatsetsereka kupita kutsogolo, pamodzi ndi kakhushoni kolimba kamene kamauteteza kuti usakhulane ndi chigaza. Munthu wamkulu amayasama mamilimita 40 mpaka 50, mpata wokwana zala zake zitatu zosanjikiza.

Kutsogoloko kuli kamtumbira ka fupa. Mutu uja ukadumpha kamtumbirako, poyasamula, posanza kapena poluma nzimbe yaikulu, minofu yotafunira imakungika n'kuutsekera komweko. Kamwa imangoti yasaa, dovu lili chuchuchu, mawu osamveka. Apa achibale ambiri amalakwitsa: amakankha chibwano m'mwamba kuti kamwa itseke, mwina mpaka kumenya mbama. Kuteroko kumangopanikiza fupa kuseri kwa kamtumbira. Wachipatala amakulunga zala zake zazikulu ndi nsalu, n'kuziika pa mano akumapeto a m'munsi, amakanikizira pansi kaye, kenako kumbuyo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mukachedwa minofu imauma ndipo kubwezera kumafuna mankhwala ogonetsa. Ngati munthu wagwa pa kabaza kapena wamenyedwa, wina asayese n'komwe kubwezera, fupa likhoza kukhala lothyoka.

Nsagwada ikabwerera m'malo mwake, kwa masabata awiri idyani phala, nsima yofewa, chambo chophika bwino. Utaka wouma, chimanga chootcha ndi nzimbe zidikire. Poyasamula chirikizani chibwano ndi chibakera.

Kulira kwa "kha" pamfundoyi potafuna, popanda ululu, nthawi zambiri sikufuna mankhwala. Choopsa ndi kamwa yokana kutseguka. Ngati tsaya latupa ndipo thupi likutentha, kawirikawiri ndi dzino la mafinya. Koma ngati nsagwada zauma patapita masiku munthu atabayidwa ndi mbedza, msomali kapena munga, ganizani za kafumbata, ndipo musagone naye kunyumba. Thamangirani naye kuchipatala chachikulu cha boma ku Mangochi kapena chimene muli nacho pafupi.