Agogo akukana kusamuka? Konzani pakhomo pawo, ndalama zake muzipeza chonchi

Abale anga a kuno ku Salima, kuyambira ku Chipoka mpaka kwa Khombedza, nkhaniyi ndi yanu amene muli ndi agogo kumudzi oti mawondo ayamba kuvuta koma akukanitsitsa zopita ku Lilongwe kukakhala ndi ana. Musawakakamize chonde. Pakhomo pawo ali ndi nkhuku zawo, anzawo a kutchalitchi kaya kumzikiti, nde mukawatsekera mumpanda ku Area 25 amafooka msanga. Chofunika nkukonza pakhomopo kuti azidzichitira zinthu okha.

Chimene chimandipweteka nchoti ana akasonkha ndalama amathamangira malata ndi penti kuti anthu aone, pomwe agogo amagwera kuchimbudzi. Yambani ndi chimbudzi. Kunyonyomala nkudzukanso ndi ntchito yaikulu kwa munthu wamkulu, nde uzani bilidala amange pokhalira pa njerwa kuzungulira bowo, kutalika masentimita 45, apake simenti posalala, pakhale chivindikiro, ndipo mbali zonse azike mitengo ya bulugama yogwirira, yopaka oyilo wakutha kuopa chiswe. Inu a ku Senga Bay ndi Lifuwu mukudziwa kale kuti dothi lanu ndi mchenga, dzenje losamangira njerwa mkati limagumuka mvula ikangolimba, ndiye apa musaumire, ndi pamene ndalama zambiri zipite. Usiku asamatuluke ayi. Mpando wobooka pakati, ndowa pansi pake, ndi kanyale ka sola pafupi ndi pogona, basi.

Njira yochoka pakhonde kupita kuchimbudzi ndi kubafa isalazidwe, ikhale ndi nsungwi yogwirira. Sitepe ya pakhomo ngati ndi ya masentimita 15, mmalo mwake mumange potsetsereka potalika masentimita 180, osafupikitsa, ndipo ngati akuyendera njinga ya olumala khomo likhale masentimita 90 mulifupi.

Tsono za ndalama. Khalani pansi banja lonse, amalume alipo, agogo eni ake aliponso chifukwa akudziwa okha pamene amavutika. Bilidala alembe zonse zofunika papepala, kenako gawanani katundu osati kungoti aliyense aponyepo kangachepe, izi ndi zimene zimabweretsa mikangano. Wina atenge matumba a simenti, wina sola, wina malipiro a bilidala. Amene ali kumudzi alibe kashi aumbe njerwa, atute mchenga, atunge madzi kumjigo, ndipo zimenezi zilembedwe ngati chopereka chawo, asamanyozedwe kuti sanapereke kanthu. A ku Joni akatumiza pa Mukuru, a mtauni pa Airtel Money kaya Mpamba, zizifikira munthu mmodzi yemwe nonse mwagwirizana, iyeyo azijambula malisiti nkuponya pa gulupu ya WhatsApp ya banja tsiku lomwelo. Bilidala musamupatse zonse poyamba, muzimulipira akamaliza gawo.

Ambiri mumandifunsa za banki mkhonde. Ine ndimati dikirani nthawi yogawana masheya, osati kutenga ngongole, chifukwa chimbudzi sichibereka phindu loti mubwezere chiwongola dzanja mwezi ndi mwezi. Katapila nde ayi ndithu. Nthawi yabwino ndi mukagulitsa mpunga kaya mtedza, kuyambira Juni mpaka Okutobala, mthumba muli kanthu komanso njerwa zimauma bwino mvula isanayambe.

Ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zinayambira ku Mchinji mu 2006 nkufalikira maboma onse, ngati agogo amalandira zisiyeni. Nzochepa, ndi za chakudya, sopo ndi thiransipoti ya kuchipatala, mukazitenga kugulira simenti agogo agona ndi njala. Ngati salandira, kafunseni ku ofesi ya soshowelofeya pa boma za kalembera, komanso uzani alangizi a zaumoyo a mdera lanu adzaone malo okumba dzenje la chimbudzi kuti lisayandikire chitsime.

Ndipo munda kaya dimba lawo musagulitse kuti mupeze ya simenti. Ngati sangathenso kulima, libwereketseni chaka chimodzi pamaso pa amfumu, ndalamayo igule zotsala.