Musanagule nyumba ya m'mbali mwa mtsinje kapena ngalande, onani izi kaye

Kunena zoona palibe chokoma ngati kudzuka m'mawa, kutsegula windo n'kuona madzi akuyenda mwakachetechete, nkhungu ili pamwamba pake, mbalame ikudumphira nsomba, phokoso la magalimoto kulibe. Ineyo zimenezi zimanditenga mtima kwambiri, ndipo ndimawamvetsa anthu amene amalolera kukhala kutali ndi tauni bola madzi ali pafupi. Koma madzi akukukokaniwo ndi omwenso angadzakulizeni, ndiye musanasaine pepala lililonse dekhani kaye.

Yambani ndi kudziwa kuti ndi madzi amtundu wanji. Ngalande yochita kukumba yoyendamo maboti, ngati Canal du Midi ya ku France ija, yotalika makilomita 240 ndipo inatsegulidwa mu 1681, madzi ake amawongoleredwa ndi mageti okwezera ndi kutsitsira maboti, ndiye nthawi zambiri sakwera mwachisawawa. Mtsinje ndi nkhani ina, umachita zofuna zake.

Nyumbayo osangokaiona tsiku lowala bwino ayi, pitaninso mvula itagwa masiku angapo motsatizana. Mukafika musathamangire kukhitchini, zungulirani panja kaye. Yang'anani m'mitengo ya m'mphepete mwa madzimo, mukaona udzu wouma, timapulasitiki ndi zinyalala zitakodwa m'nthambi pamwamba poposa mutu wanu, dziwani kuti madzi anafikapo pamenepo, sizinakwere zokha. Kenako khoma. Penti yotukusira m'munsi, tinthu toyera ngati mchere pa njerwa, kafungo ka chinyontho mukangotsegula chitseko, kapena penti yatsopano yopakidwa m'munsi mokha m'mwamba muli yakale, zonsezi zikukuuzani nkhani imene wogulitsayo mwina sanena. Funsaninso aneba amene akhalapo zaka zambiri, iwowo amakumbukira chaka chimene madzi analowa mpaka m'zipinda.

Pali mawu ena amene amapusitsa anthu, akuti malo ano amasefukira kamodzi pa zaka 100. Sizitanthauza kuti akasefukira chaka chino ndiye mwapuma zaka 99. Tanthauzo lake n'lakuti chaka chilichonse mpata woti asefukire ndi 1 pa 100, ndipo mukawerengera zaka 30 zimene munthu angakhale akubweza ngongole ya nyumba, mpatawo umafika pafupifupi 26 pa 100. N'chifukwa chake a inshuwalansi muwafunse musanagule, akamazengereza kapena kutchula mtengo wokwera modabwitsa pali chimene akudziwa.

Onaninso pamene mtsinje wakhota. Kunja kwa khonako madzi amathamanga ndipo amadya gombe chaka ndi chaka, mkati mwake amayenda pang'onopang'ono n'kumasiya mchenga. Nyumba ikakhala kunja kwa khona, bwalo lanu lizingochepa mukuona. Mitengo ndi bango la m'gombe osadula pofuna kuona madzi bwino, mizu yake ndi imene yagwira dothilo. Ine ndingasankhe nyumba ya pakamtunda yoti uyende mphindi ziwiri kukafika kumadzi kusiyana ndi yogundana nawo.

Za malire nazo musangoganizira. Kugula nyumba sikutanthauza kuti gombe ndi madziwo ndi zanu. Ku England ndi Wales mwachitsanzo, ngalande ndi mitsinje yokwana mamailosi pafupifupi 2,000 imayang'aniridwa ndi bungwe lotchedwa Canal & River Trust kuyambira 2012, tinjira ta m'mbali mwake aliyense amadutsamo, ndipo ngakhale kukocheza boti kumapeto kwa bwalo lako lomwe pamafunika chilolezo chawo. Ndiye loya wanu awerenge mapepala a malowo bwinobwino, akuuzeni ngati mungawedze, kutunga madzi kapena kumanga kadoko.

Chimbudzi chimavuta pafupi ndi madzi chifukwa madzi a pansi pa nthaka amakhala pafupi, dzenje limadzaza msanga, ndiye litalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30. Udzudzu umaswana m'zithaphwi za madzi osayenda, onani ngati zilipo kuseri. Ngati muli ndi ana ang'onoang'ono, mpanda ukhale ntchito yoyamba musanasamuke n'komwe.

Pobwerera muuonetsetse msewu umene munadzera. Nyumba itha kukhala pouma bwinobwino koma kamlatho kolowera kumeneko kakamira, mukhala masiku osatuluka, ndiye funsani ngati pali njira ina yodzera kumtunda ndipo muiyende nokha tsiku lomwelo.