Penti yemwe ankasupuka pa mapulasitiki a m'galimoto

Nditapenta koyamba timapulasitiki tozungulira wailesi ndi giya m'galimoto yanga, pasanathe milungu iwiri penti anayamba kusupuka. Ndikangokanda ndi chikhadabo ankachoka yense ngati njoka yofundula. Zinandipweteka mtima, chifukwa ndinatherapo tsiku lathunthu.

Vuto linali pawiri. Mankhwala ambiri opukutira dashibodi kuti iziwala amakhala ndi silicone, mankhwala oterera ngati mafuta, ndipo penti akagwera pamenepo amathawa, n'kusiya timaenje tozungulira. Komanso kuseri kwa chidutswa china ndinapeza zilembo zakuti PP, kutanthauza polypropylene, pulasitiki yoterera imene penti wamba sagwirapo.

Ndinazulanso zidutswa zonse pang'onopang'ono ndi kachida ka pulasitiki kokanulira, kuopa kuthyola timano togwirira kuseriko. Ndinapala penti wakale, n'kutsuka kawiri ndi sopo wotsukira mbale, kenako ndinakwecha ndi sandipepa yosakhakhala kwambiri ya nambala 600 mpaka kunyezimira konse kutatha. Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni, makamaka m'makona momwe chala sichifika bwino. Nditapukuta ndi isopropyl alcohol, spiriti wochotsa mafuta, sindinazigwirenso ndi manja opanda magolovesi.

Ndinayamba ndi kupopera mopyapyala kwambiri adhesion promoter, mankhwala othandiza penti kugwira pa pulasitiki. Penti ndinapopera ndili panja, chitini chili masentimita 20 kuchokera pa chidutswa, katatu konse, n'kumadikira mphindi 10 pakati. Nditapopera koyamba pulasitiki inkaonekerabe pansi, koma ndinaugwira mtima osawonjezera nthawi yomweyo.

Ndinadikira masiku 3 ndisanazibwezere m'malo mwake. Pano makiyi amagundapo tsiku lililonse pafupi ndi giya, koma penti ali chigwirire.