Momwe anthu wamba angamenyere ufulu wolandira chithandizo chabwino cha zaumoyo

Madandaulo okhudza zipatala sasowa. Amamveka pa mzere wodikira dokotala, pa zenera lolandirira mankhwala pamene wodwala wauzidwa kuti akagule yekha, ngakhalenso pa maliro a mayi amene ambulansi inachedwa kudzamutenga. Ambiri mwa madandaulowa amathera pomwe ayankhulidwirapo, chifukwa sanalembedwe, sanafike kwa munthu amene ali ndi mphamvu yokonza vutolo, ndiponso palibe amene anabwereranso kukafunsa yankho. Ntchito ya gulu la anthu wamba lomenyera zaumoyo ndiyo kutenga dandaulo, kulipezera umboni, kulisandutsa pempho lomveka bwino, ndi kulitula kwa mwini wake mpaka atayankha.

Musanayambe, dziwani pamene mwaima, kuti musamalankhule ngati anthu opempha chifundo. Mu 1978, pa msonkhano wa ku Alma-Ata, mzinda umene lero umatchedwa Almaty m'dziko la Kazakhstan, mayiko 134 anavomereza kuti anthu ali ndi ufulu komanso udindo wotenga nawo mbali pokonza ndi kuyendetsa chithandizo chawo cha zaumoyo. Pangano la mayiko a mu Africa loona za ufulu wa anthu la 1981, mu gawo 16, limanena za ufulu wa munthu aliyense wokhala ndi thanzi labwino monga momwe kungathekere. Ndipo mu 2000 komiti ya United Nations yoona za ufulu wa zachuma ndi chikhalidwe inafotokoza kuti ufuluwu umayezedwa ndi zinthu zinayi: kuti chithandizo chikhalepo chokwanira, anthu athe kuchifikira popanda kutchingidwa ndi mtunda, ndalama kapena tsankho, chikhale cholemekeza munthu, ndiponso chikhale chapamwamba. Zinayizi n'zothandiza posanja madandaulo a anthu pa msonkhano woyamba. Fufuzaninso zimene malamulo a dziko lanu amanena, pakuti mkulu wa boma amatekeseka kwambiri ndi lamulo la dziko lake kuposa pangano limene linasainidwa kutali.

Pa msonkhano woyambawo anthu adzatchula mavuto ochuluka, ndipo onse adzakhala oona. Komabe sankhani limodzi loyambira. Likhale vuto lokhudza anthu ambiri, limene mungathe kuliwerengera, komanso loti lingakonzeke m'miyezi yowerengeka. Kunena kuti "chipatala chathu sichikuyenda bwino" sikupatsa aliyense chochita. Kunena kuti "chipinda chochilira amayi chikhale ndi mzamba usiku uliwonse pofika mwezi wakuti" kumaonetsa chofunika, nthawi yake, ndi momwe aliyense adzadziwire ngati chachitika kapena ayi. Gulu limene lapambana pa kanthu kakang'ono limapeza anthu ambiri pa nkhani yotsatira.

Kusonkhanitsa umboni

Apa ndi pamene magulu ambiri amafookera, chifukwa ntchito yake ndi yotopetsa ndipo ilibe ulemerero. Chofunika ndi kope limodzi losungidwa bwino ndi anthu angapo osinthana. Ngati nkhani ndi ya kusowa kwa mankhwala, pa tsamba lililonse lembani tsiku, dzina la mankhwala amene wodwala analemberedwa, ngati anawalandira onse, ena kapena sanalandire konse, ndi zimene anauzidwa pa zenera. Ngati nkhani ndi ya kuchedwa kutsegula, wina afike m'mawa, alembe nthawi imene yalembedwa pakhomo kuti chipatala chimatsegulidwa, nthawi imene wodwala woyamba walowadi, ndi kuchuluka kwa anthu amene anali pa benchi nthawi imeneyo. Chitani zimenezi kwa milungu ingapo, masiku osiyanasiyana, ndipo masiku amene zinthu zayenda bwino muziwalembanso. Umboni wongotola zoipa zokhazokha umagwa msanga, chifukwa mkulu wa chipatala amangotulutsa kaundula wake n'kuonetsa masiku amene inu mwawasiya.

Chinsinsi cha odwala chisungidwe kwambiri. M'kopemo musalembe mayina kapena matenda a munthu m'njira yoti ena angamuzindikire, ndipo musajambule wodwala popanda chilolezo chake. Munthu amene akufuna kufotokoza poyera zimene zinamuchitikira auzidwe kaye kumene nkhani yake ikafike, chifukwa mawa lake adzabwereranso ku chipatala chomwecho ndipo mwina adzakumana ndi anthu omwewo.

Pali njira ina yoyesedwa kale, imene bungwe la CARE linayambitsa ku Malawi mu 2002 ndipo inafalikira m'mayiko ambiri, yotchedwa Community Score Card. Anthu a m'dera amakhala m'magulu, amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, n'kupereka malikisi pa zinthu monga kupezeka kwa mankhwala ndi khalidwe la ogwira ntchito. Ogwira ntchito nawonso amadzipatsa malikisi kumbali. Kenaka mbali ziwirizi zimakumana pamaso pa akuluakulu a zaumoyo, zimayerekeza malikisiwo, zimagwirizana zochita, ndipo pakapita miyezi ingapo zimabwerezanso kuti zione ngati pasintha kanthu. Ku Uganda, kafukufuku wa Martina Björkman ndi Jakob Svensson, amene anasindikizidwa mu 2009 ndipo anakhudza zipatala zing'onozing'ono 50, anapeza kuti kumene anthu anapatsidwa chithunzithunzi cha momwe chipatala chawo chikugwirira ntchito n'kumachilondoloza, imfa za ana osakwana zaka zisanu zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kafukufuku wina wamkulu amene anachitika pambuyo pake m'dziko lomwelo sanapeze kusintha kwakukulu chotero. Choncho njirayi musaiyese mankhwala a vuto lililonse: imathandiza kwambiri pa zinthu zimene ogwira ntchito angazisinthe okha, monga kujomba, kuchedwa ndi mwano, koma siyingabweretse mankhwala amene boma silinagule.

Kupeza mwini wake wa vuto

Munthu amene odwala amamuona tsiku ndi tsiku ndi namwino, ndipo mkwiyo wonse umathera pa iye. Nthawi zambiri iye sagula mankhwala, salemba anthu ntchito, ndiponso sagawa mafuta a ambulansi. Mankhwala akasowa, chifukwa chake chingakhale pa malo osiyanasiyana: mwina chipatala chinachedwa kutumiza oda yake, mwina ofesi ya zaumoyo ya chigawocho ilibe galimoto yokatenga katundu, mwina nkhokwe yaikulu ya mankhwala ilibe mankhwalawo, mwina unduna wa zachuma sunatulutse ndalama, kapena mankhwala anafika ndithu koma anatulukira khomo lakuseri. Lililonse mwa mavutowa lili ndi mwini wake wosiyana, ndipo gulu limene silinafufuze limatha chaka chathunthu likugogoda pa khomo lolakwika.

N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi kucheza mwaulemu ndi ogwira ntchito pa chipatalapo. Ambiri mwa iwo ndi otopa ndi mavuto omwewo, koma malamulo a ntchito sawalola kudzudzula owalemba ntchito poyera. Akakukhulupirirani adzakuuzani tsiku limene anatumiza oda, zimene zinabwera ndi zimene sizinabwere, ndipo inu mudzatha kunena zimene iwo sangathe kunena. Mayina awo musawatchule. Koma pamene umboni ukuonetsa kuba, kulipiritsa chithandizo chaulere kapena nkhanza kwa odwala, ubale usakutsekeni pakamwa. Nkhani zotere zipite kwa oyang'anira, ku bungwe lopereka ziphaso kwa madokotala ndi anamwino, kapena kwa apolisi. Ngati pa chipatalapo pali kale komiti ya anthu a m'dera, yambani ndi iyo, ndipo ngati inagona, kuidzutsa kungakhale ntchito yanu yoyamba.

Pokakumana ndi mkulu amene mwamupeza kuti ndiye mwini nkhani, pitani anthu atatu kapena anayi, pakati panu pakhale munthu amene vutolo linamukhudza. Tengani pepala la tsamba limodzi lofotokoza vuto, umboni wanu mwachidule, ndi pempho lanu. Gwirizanani pasadakhale wolankhula ndi wolemba. Akuluakulu ambiri adzakulandirani bwino, adzakuyamikirani, n'kunena kuti nkhaniyo aiona. Musatuluke ndi mawu amenewo okha. Funsani mwaulemu kuti adzachita chiyani kwenikweni, wochita ndani, komanso pofika liti. Pasanathe masiku ambiri alembereni kalata yothokoza yobwereza zimene analonjeza, ndipo posiya kalatayo pemphani kuti adinde chidindo pa kope lanu ndi kulembapo tsiku. Kapepala kodindidwako n'kamene kadzakuyankhulirani mkuluyo akadzasamutsidwa kapena akadzaiwala.

Ndalama ndi malamulo

Mavuto ambiri a m'zipatala amabadwira mu bajeti, ndipo bajeti ili ndi nyengo yake. Pempho la nyumba ya mzamba likafika ndalama zitagawidwa kale, limadikira chaka china. Dziwani mwezi umene chaka cha boma cha zachuma chimayambira m'dziko lanu, ndipo pempho lanu lifike kwa makhansala, aphungu ndi akuluakulu a zaumoyo miyezi ingapo nthawiyo isanakwane, pamene mapulani akulembedwa. Mu 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti aziika ndalama zosachepera 15 pa 100 iliyonse ya bajeti yawo ku zaumoyo, ndipo ndi mayiko ochepa okha amene anafikapo pa mlingowu. Lonjezoli ndi chida chabwino pokambirana ndi aphungu, koma musangoyang'ana chiwerengero cholengezedwa m'nyumba ya malamulo. Funsani ndalama zimene zinavomerezedwa, zimene zinatulutsidwadi, ndi zimene zinafika pa chipatala chanu, pakuti ziwerengero zitatuzi kawirikawiri sizifanana. Kumene kuli lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza zikalata za boma, lembani kalata yopempha zikalatazo motsatira lamulolo.

Tsiku lolonjezedwa likadutsa popanda kanthu, kwerani pang'onopang'ono. Yambani ndi kalata yokumbutsa, kenaka pitani kwa woyang'anira mkuluyo, kenaka chikalata chosainidwa ndi anthu ambiri, ofesi yolandira madandaulo a nzika kapena bungwe loona za ufulu wa anthu, ndi atolankhani. Kwa mtolankhani perekani ziwerengero zanu ndi makalata odindidwa aja, ndipo musawonjezere mchere ngakhale pang'ono, chifukwa bodza limodzi likagwidwa limaononga umboni wonse woona. Zionetsero zamtendere ndi khoti zili ndi malo ake, koma zimagwira ntchito bwino pamene mungathe kuonetsa kuti njira zina zonse munaziyesa.

Chitsanzo chodziwika ndi cha Treatment Action Campaign ya ku South Africa, yomenyera kuti anthu amene ali ndi HIV apeze mankhwala, imene inayamba pa 10 December 1998 ku Cape Town, mmodzi mwa oyambitsa ake ali Zackie Achmat. Gululi linathandiza kuti mu April 2001 makampani 39 opanga mankhwala asiye mlandu umene anasumira boma la dzikolo, ndipo mu July 2002 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linalamula boma kupereka mankhwala a nevirapine m'zipatala zake pofuna kuteteza ana obadwa kuti asatenge kachilombo ka HIV kwa amayi awo. Chimene anthu amaiwala pofotokoza mbiriyi n'chakuti mphamvu ya gululi inali m'nthambi zake za m'madera, momwe anthu wamba ankaphunzitsana mayina a mankhwala, momwe amagwirira ntchito m'thupi, ndi chifukwa chake anali okwera mtengo. Munthu wodziwa zimenezi sapusitsidwa ndi mawu akuluakulu a katswiri. Gulu lanu lichite chimodzimodzi pa nkhani yake, kaya ndi ya uchembere, TB, shuga kapena matenda a maganizo.

Mukaona kuti vuto lanu likupezekanso m'madera ena, lumikizanani ndi magulu a kumeneko, chifukwa pamenepo chofunika kusintha ndi ndondomeko kapena lamulo. Ku Thailand, mabungwe a anthu wamba anasonkhanitsa masaini oposa 50,000 kuti apereke lamulo lawo loti aliyense azilandira chithandizo, ndipo zimenezi zinathandizira kuti lamulo la 2002 likhazikitsidwe. Ku Brazil, lamulo la 1990 linapatsa ogwiritsa ntchito zipatala theka la mipando m'makhonsolo a zaumoyo. Pempho lotereli, la mpando wokhazikika pamalo popangira ziganizo, limaposa lonjezo la nduna imodzi, chifukwa limakhalapobe ndunayo ikachoka.

Zinthu ziwiri zimapha magulu otere kuposa chidani cha akuluakulu. Choyamba ndi ndale za zipani: lankhulani ndi andale a mbali zonse, pa nthawi ya chisankho apempheni onse kuti asaine malonjezo omwewo, koma gulu lisavale makaka a chipani chilichonse, pakuti likatero theka la odwala lidzalithawa ndipo boma lidzapeza chifukwa cholinyozera. Chachiwiri ndi maalawansi. Mtsogoleri amene wayamba kuitanidwa ku misonkhano ya m'mahotela amatha kuzolowera n'kuleka kufunsa mafunso ovuta. Muzisinthana opita ku misonkhanoyo, ndalama iliyonse yolowa ilengezedwe poyera, ndipo aliyense wotumidwa abwere kudzafotokoza kwa anthu amene anamutuma, ngakhale atabwerako chimanjamanja.

Mkulu akalengeza kuti vuto lakonzedwa, musafulumire kutseka kope. Bwererani pa chipatalapo pakapita mwezi umodzi, kenaka pakapita miyezi itatu, mukawerengenso zomwe zija mofanana ndi poyamba. Ngati mzamba akupezekadi usiku, thokozani poyera amene anachitapo kanthu, chifukwa mudzawafunanso pa pempho lotsatira. Ngati anangobwera mlungu umodzi wokha, ziwerengero zatsopanozo zilowe m'kalata yanu yachiwiri, pamodzi ndi kope la kalata yoyamba yodindidwa ija.