Musanapikule katundu, kakhaleni kaye pamsika

Inu amene mukufuna kuyamba geni ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula, musathamangire kuthira mpamba wonse. Pitani pamsika tsiku limodzi, mukhale pansi, muone chimene chikuvutitsa anthu.

Kuno kuchigwa, dzuwa la Okutobala likafika pamutu, wakabaza safuna thobwa lambiri. Amafuna lozizira, m'kabotolo koti amwe msanga n'kubwerera pantchito. Ndiye yambani ndi mabotolo 10 okha. Akulungeni m'chiguduli chonyowa, muwaike pamthunzi podutsa mphepo. Madzi akamauma pachigudulipo, thobwa limazizirirapo, ngakhale magetsi atazima.

Madzulo afunseni ogulawo: shuga wakwana? Botolo lakula? Ambirife timachita manyazi kufunsa, ndipo zimandiwawa chifukwa mpamba umathera pomwepo. Mawa lake sinthani chinthu chimodzi chokha, kuti mudziwe chimene chathandiza.